Kulinganiza Makabuleta a Njinga Yamoto Pakhomo ndi Zida Zobwereka

Njinga yamoto ya masilinda awiri kapena anayi, monga Honda CB750 ya mu 1969 ndi zina zambiri zimene zinatengera kapangidwe kake, kawirikawiri imakhala ndi kabuleta, chipangizo chosakaniza mpweya ndi petulo, yakeyake pa silinda iliyonse. Pakapita nthawi makabuletawa amasiya kutsegukira pamodzi, moti silinda ina imakoka mpweya ndi petulo wambiri kuposa inzake. Injini imayamba kunjenjemera ikamalira yokha, imachedwa kutsitsa mawu mukasiya kuipatsa moto, ndipo nthawi zina cha kukilatchi kumamveka kugogoda ngati kuti chitsulo china chatha pamene palibe chimene chatha.

Chida chachikulu pa ntchito yolinganiza makabuletawa kuti azitsegukiranso pamodzi ndi mageji oyezera mmene silinda iliyonse ikukokera mpweya, geji imodzi pa silinda imodzi. Popeza ntchitoyi sichitika mwezi ndi mwezi, anthu ambiri amangobwereka, ndipo palibe cholakwika. Pobwerekapo muonetsetse kuti mwatenganso timapaipi take ndi tizitsulo tomangira pa injini, chifukwa timeneti ndi timene timasowa m'bokosi, ndipo mazinga ake amasiyana malinga ndi mtundu wa njinga. Mufunikanso sikuludiraiva yaitali, botolo lopachika m'mwamba lopereka petulo thanki ikachotsedwa, ndi fani ngati injini yanu ndi yozizira ndi mpweya.

Musanakhudze kabuleta, yambani mwayeza mipata ya mavalavu injini ili yozizira, muone mapulagi ndi fyuluta ya mpweya, ndiponso mufufuze ngati malabala olumikiza makabuleta ku injini alibe ming'alu. Valavu yothina kapena labala yolowetsa mpweya imasintha zimene geji ikuonetsa, choncho mukalinganiza zinthuzi zisanakonzedwe mudzabwereza ntchito yonse.

Kenaka pali chinthu chimene ambiri amachidumpha, chomwe kwa ine ndicho mtima wa ntchito yonseyi: kuyesa mageji enieniwo. Chida chobwereka simudziwa kuti chinagwapo pansi kangati. Tenthetsani injini, kenaka lumikizani geji yoyamba pa silinda imodzi, mulembe pamene muvi waima, muichotse, mulumikize yachiwiri pa silinda yomweyo, mpaka onse atha. Onse ayenera kuloza nambala imodzi. Geji imene yasiyana ndi inzake muikonze ndi kasikulu kake ngati kalipo, apo ayi mulembe kusiyanako pa kapepala n'kukamata pagalasi lake. Ine ndinatayapo masana athunthu ndikulimbana ndi silinda yachitatu imene inalibe vuto lililonse, ndipo madzulo ndi pamene ndinazindikira kuti muvi wa geji yachitatuyo sunkabwerera pa 0 ngakhale injini itazima. Kuyesaku sikudya nthawi yaitali, koma kumakutetezani kuti musasokoneze makabuleta abwinobwino pomvera chida chonama.

Ngati njinga yanu ndi ya masilinda awiri ndipo mageji sanapezeke, paipi yoonekera mkati yopindidwa ngati chilembo cha U, yothiridwa oyilo pang'ono ndi kumangidwa pathabwa loimirira, imagwira bwino ntchito mukalumikiza mbali iliyonse ku silinda yake. Mbali imene oyilo wakwera ndi imene ikukoka kwambiri. Ubwino wake ndi woti singaname, koma paipiyo ikhale yaitali ndithu kuti oyilo asamwedwe ndi injini.

Ntchitoyi muigwirire panja kapena pamalo podutsa mphepo, chifukwa utsi wa injini umapha munthu m'chipinda chotseka. Imikani njinga mowongoka, chotsani thanki, pachikani botolo la petulo kutali ndi ekizozi, ndipo ngati mpopi wa petulo umatsegulidwa ndi kukoka kwa mpweya, tsekani kapaipi kake kuti kasalowetse mpweya. Mukalumikiza mageji onse ndi kuliza injini, mivi idzayamba kuvina kwambiri. Finyani pang'onopang'ono timavalavu ta pa mapaipi mpaka muvi uzingogwedera pang'ono, koma usaime chilili, pakuti muvi wosagwedera konse watsekeredwa ndipo sukuuzani kanthu. Ikani liwiro la injini pamene buku la njingayo likunena, lomwe pa njinga zambiri limakhala kuzungulira maulendo apakati pa 1,000 ndi 1,300 pa mphindi.

Pa injini zambiri za masilinda anayi pali masikulu atatu pakati pa makabuleta. Yambani ndi sikulu yolinganiza kabuleta yoyamba ndi yachiwiri, mupite pa ya yachitatu ndi yachinayi, ndipo mumalize ndi yapakati imene imagwirizanitsa magulu awiriwo. Njinga zina zili ndi kabuleta imodzi yosasinthidwa imene zinzake zonse zimatsatira, ndiye buku likuuzani kuti ndi iti. Potembenuza sikulu, dzanja likhale lopepuka ndipo muzisuntha pang'ono zedi, osafika ndi kota yomwe ya kuzungulira kumodzi, chifukwa kungotsamira pa sikuludiraiva kumasuntha muvi. Mukatembenuza, chotsani sikuludiraiva, patsani injini moto pang'ono kamodzi kapena kawiri, mudikire kuti mivi ikhazikike, ndiye muwerenge. Mukasintha imodzi, zinzake zimasunthanso ndipo liwiro la injini limakwera kapena kutsika, kotero muzilibwezera pamalo pake musanapitirize. Masikulu osakanizira mpweya ndi petulo ndi a ntchito ina, ndipo tsiku limeneli muwasiye.

Musafune kuti mivi ifanane ndendende. Kusiyana kwa masentimita awiri a mekyule (muyeso wa kukoka kwa mpweya pa geji) kapena kuchepera apo n'kokwanira pa njinga zambiri, ndipo makutu anu adzamva injini ikuyamba kulira mosalala mivi ikamayandikana. Injini ikatentha kwambiri, izimitseni ipume, chifukwa ikatenthetsa manambala amayamba kuyendayenda.

Mukamaliza, zimitsani injini, bwezerani tizotsekera tonse pa mabowo amene munalumikizapo mageji mutaona kuti palibe kong'ambika, mangani thanki, ndipo muone ngati petulo sakudontha musanaiyendetse. Mageji muwapukute, muwerenge timapaipi ndi tizitsulo tonse, ndipo powabweza mumuuze mwiniwake za geji imene munaipeza ikusiyana ndi inzake, kapepala kaja kali pomwepo pagalasi.