Musataye minga ya chambo mwana asanaione

Mwana wanga wamkazi atabwera kuchokera kusukulu ndi funso loti mleme ndi mbalame kapena ayi, sindinathamangire buku. Ndinadikira nsima yamadzulo, poti ndiwo tsiku limenelo inali chambo.

Nanunso yambirani pa mbale pomwepo. Mukamaliza mnofu, tsukani fupa lapakati lija, mumupatse mwana alipinde pang'onopang'ono. Aona yekha kuti si fupa limodzi koma timafupa tambiri tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Kenako aweramitse mutu n'kudzigwira kumbuyo kwa khosi. Timfundo tomwe akumvato ndi fupa la msana lomwelo. Nkhanu, nkhono, ziwala ndi bongololo alibe, choncho achotseni kaye pa nkhaniyi.

Nyama zotsalazo, za fupa la msana, kusukulu amazigawa pasanu: nsomba, gulu la achule, zokwawa, mbalame ndi zoyamwitsa. Apa ndi pamene ana ambiri amasochera, chifukwa amafunsa kuti nyamayo imakhala kuti kapena imauluka. Ine ndimakana mafunso amenewo. Funsani za khungu ndi za kaleredwe ka ana.

Ya nthenga ndi mbalame, basi.

Mleme uli ndi ubweya, umabereka mwana wamoyo n'kumamuyamwitsa, ndiye ndi mnzake wa mbewa ndi mbuzi. Mvuu nayo ngakhale iswere m'madzi a Shire tsiku lonse, imayamwitsa. Ngaka ndiye imapusitsa ngakhale akuluakulu: mamba thupi lonse ngati ng'azi, koma mambawo ndi ofanana ndi zikhadabo zathuzi, ndipo mwana wake amayamwa. Katswiri wa sayansi Carl Linnaeus potcha gulu la zoyamwitsali dzina loti Mammalia mu 1758, anatengera mawu a Chilatini otanthauza bere.

Mlamba musauchotse pa nsomba chifukwa choti ndi woterera wopanda mamba, kapena chifukwa umatha kupuma mpweya madzi akaphwa. Tsegulani m'mbali mwa mutu, muona zopumira zofiira zija, ndi zipsepse zilipo.

Kusiyanitsa chule ndi buluzi kumafuna dzinja. Mvula ikagwa, pitani naye mwana pa chithaphwi mukaone mazira a chule, ofewa ngati therere, opanda chikamba. Tungani ambululu angapo m'chigubu chodula, muziwasinthira madzi a pachithaphwi pomwepo, muone miyendo yakumbuyo ikuyamba kutuluka, mchira n'kumafupika. Akasanduka tiachule mukawabweze. Buluzi, fulu ndi ng'ona sadutsa mumenemo: khungu lawo ndi louma, la mamba, ndipo mazira amaikira kumtunda. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'choti ng'ona ili pa ubale wapafupi ndi nkhuku kuposa ndi buluzi.

Tsiku lopha nkhuku mupatseni mwanayo khosi, akungudze bwinobwino n'kuwerenga timafupa take. Nkhuku ili nato 14. Mbuzi, munthu, ngakhale nyamalikiti ndi khosi lake lalitali lija, tonse tili nato 7. Wanga uja anakana, mpaka anadikira Khirisimasi kuti awerenge yekha pa khosi la mbuzi.