Kumanga nyumba kumudzi uli ku Johannesburg

Nyumba yanga ya ku Mangochi ndinaimanga kudzera pa WhatsApp, ine ndili ku Joni.

Choyamba, musamakhutire ndi zithunzi, chifukwa zimabisa khoma lokhota. Mmisiri azikuimbirani pa vidiyo, aike levulo pakhoma inu mukuona, kenako azungulire nyumba yonse mosathamanga. Matumba a simenti awerengedwe inu muli pa foni. Ndalama muzitumiza m'magawo: za maziko, za khoma mpaka pa lintala, kenako za malata.

Koma foni siingakuuzeni za dzuwa ndi mphepo. Ine pulani ndinaitola pa intaneti, ya mawindo akuluakulu oyang'ana kumadzulo, yopanda khonde. Pofika Okutobala pabalaza panatentha ngati mu uvuni, ndipo amayi anabwerera ndi mphasa yawo pansi pa mtengo wa mango. Zimandiwawabe mumtima.

Ndiye musanavomere pulani, pemphani wachikulire wa pamudzipo akaime pamalowo dzuwa litapendeka, akuuzeni komwe mwera umachokera ndi komwe madzi a mvula amadutsa. Khonde lisasowe, ndipo likhale lotakata, poti azimayi amasenda chinangwa ndi kulandirira alendo pomwepo.