Popita ku Great Zimbabwe ndi banja, musapereke mapepala a galimoto kwa dobadoba

Amalawi ambiri amene tikugwira ntchito ku Moatize ndi mumzinda wa Tete timadziwa msewu umodzi wokha, wa ku Zobue wolowera ku Malawi, ndipo tchuthi chikafika timangolunjika kumudzi. Zimenezo sindikuletsa, koma aliyense amene ali ndi galimoto yolimba komanso ana a sukulu ayenera tsiku lina kutembenukira kummwera, kudutsa Changara, kutulukira pa chipata cha Cuchamano kulowa m'Zimbabwe, n'kukaonetsa anawo Harare, Masvingo ndi Mutare, kenako n'kubwerera kudzera pa Machipanda ndi msewu wa ku Catandica. Ulendowu ndi wokoma, koma ukhoza kuwonongeka pachipata choyamba penipeni.

Yambirani pano pomwe. Atengereni ana ku linga la São Tiago Maior m'mbali mwa Zambezi, ndipo muwafotokozere kuti Apwitikizi anakhazikika pa Tete m'zaka za m'ma 1500 pofuna golide wa m'dziko la Mwenemutapa, ndiponso kuti David Livingstone anafika pano mu 1856. Mwana amene wamva zimenezi akafika kumapiri a ku Zimbabwe amazindikira kumene chumacho chinkachokera.

Zamapepala n'zosavuta: mapasipoti a aliyense, DIRE yanu (chitupa chokhalira ku Mozambique) yosatha masiku, laisensi, livrete ndi título (mapepala a kalembera ndi umwini wa galimoto), zikalata za kubadwa za ana, ndiponso kalata ya chilolezo ngati kholo lina latsala. Mmalawi safunika viza ku Zimbabwe. Pa Nyamapanda, chipata cha Zimbabwe choyang'anizana ndi Cuchamano, mudzadula chilolezo cholowetsera galimoto kwakanthawi, chotchedwa TIP, ndi inshulansi ya m'dzikomo, n'kulipira misonkho ya msewu.

Tsono mverani, abale anga, zimene anatichita dobadoba wina pamalire amenewa. Tisanazimitse n'komwe injini, anafika pazenera bambo wovala jekete yonyezimira, chitupa chili lende pakhosi, ndipo atamva mayi a kunyumba akulankhula ndi ana anayamba Chichewa chosalala, kunditchula kuti malume ndi kunena kuti amayi ake ndi a ku Mwanza. Anatilozera mzere wa madalaivala a mathiraki n'kunena kuti tikaima pamenepo tigona pamalire, pomwe iyeyo amadziwana ndi onse a mkatimo. Mapasipoti tinadinditsa tokha, koma livrete ndi madola a inshulansi ndi misonkho anatenga ndi iye, n'kulowa nazo kuseri kwa nyumba ina. Pobwera anali ndi mapepala opindidwa bwino m'kathumba ka pulasitiki, chidindo chofiirira chili pamwamba, ndipo anatipatsa nambala yake ya foni kuti tikavutika panjira timuimbire.

Titapitirira Mutoko apolisi anatiimitsa pa rodibuloko. Wapolisi anayang'ana pepala la inshulansi, n'kuliyang'ananso molozetsa kudzuwa, kenako anandiitanira pambali kuti ana asamve. Pepalalo linali lachinyengo, lojambulidwa pamakina, ndipo chidindocho sichinali cha kampani ina iliyonse. Apolisiwo sanalakwe, ndipo anandilankhula mwaulemu, koma chindapusa ndinalipira, galimoto inaima pamenepo mpaka inshulansi yeniyeni itapezeka, ana ali m'mbali mwa msewu dzuwa likuswa mtengo. Foni ya dobadoba uja inali yozimitsa. Ndalama zimene tinasungira malo ogona ku Masvingo zinathera pamenepo, moti tinakagona tonse m'chipinda chimodzi chothina. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti munthu uja anagwiritsa ntchito chinenero chathu ngati nyambo, podziwa kuti Mmalawi akamva zakwawo m'dziko la eni amamasuka.

Mavutowo sanathere pomwepo. Pa TIP imene anatibweretsera, nambala ya chasisi inali yolakwika pa chilembo chimodzi, ndipo zimenezi zinaonekera potuluka pa Forbes, chipata cha Zimbabwe choyang'anizana ndi Machipanda, pamene ofisala anafananiza pepalalo ndi livrete. Tinachedwa kwambiri tikufotokoza za munthu amene ngakhale dzina lake lenileni sitinkalidziwa.

Choncho ndikunena mosapsatira: imani pamzere nokha. Ndalama iliyonse muipereke pazenera la ofesi, kwa munthu amene wakhala mkati, ndipo mulandire lisiti. Musanachoke pazenerapo werengani nambala ya galimoto, ya chasisi ndi masiku amene mwapatsidwa, chilembo ndi chilembo, ngakhale a kumbuyo kwanu atamang'ung'udza. Wina akakuuzani kuti Yellow Card, inshulansi ya galimoto ya bungwe la zamalonda la COMESA, ikukwanirani ulendo wonse, dziwani kuti Mozambique siili m'bungwelo, ndiye pobwerera inshulansi ya kuno iyenera kukhala ikugwirabe ntchito. Musasinthe ndalama kwa anyamata a pamalire. Nyamulani madola a ku America ang'onoang'ono, chifukwa mametikali sakuthandizani kutsidyako ndipo chenje chimavuta pa zipata zolipirira msewu. M'galimoto mukhale mathirayango awiri, jekete yonyezimira ndi chozimitsira moto, ndipo mumate timapepala tonyezimira, toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo. Ndatopa kumva anthu akuluakulu akudandaula za apolisi pomwe zinthu zotchipa ngati zimenezi sanagule.

Mu Harare, mzinda umene atsamunda anayambitsa mu 1890 n'kuutcha Salisbury, musathamangire masitolo okha. Pitani ndi ana ku Mbare masana, thumba mutaligwira bwino, akaone kumene azigogo athu ambiri ochokera ku Nyasaland ankakhala pamene ankagwira ntchito kumeneko. Kuchoka mu Harare kufika ku Masvingo ndi makilomita pafupifupi 300, ndipo mabwinja a Great Zimbabwe ali chapafupi makilomita 30 kuchokera mtauniyo. Mzinda wakalewu unamangidwa ndi makolo a Ashona kuyambira zaka za m'ma 1000 mpaka m'ma 1400, ndipo UNESCO inauika pamndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1986. Makoma ake, amene ena amatalika mamita 11, ndi miyala yosanjikizidwa popanda matope kapena simenti. Kwerani phiri la pamabwinjapo m'mamawa kusanatenthe, ndipo wokuperekezani mumutenge pa ofesi ya pakhomo, osati woimirira pamsewu. Muonetseni mwana mbalame zosema pamwala zimene chithunzi chake chili pa mbendera ya dzikolo.

Popita ku Mutare mudzawoloka mtsinje wa Save pa mlatho wa Birchenough, womangidwa mu 1935. Mukalowa pa Machipanda thirani mafuta odzaza ku Manica, ndipo ngati dzuwa lapendeka gonani komweko kapena ku Chimoio. Msewu wa Catandica, Guro ndi Changara ndi wautali, umadzaza mathiraki ochokera kudoko la Beira, ndipo si woyendamo usiku muli ndi ana.