Momwe mungatulutsire buku la ndakatulo ndi nkhani zazifupi lotsata makaka

Chaka chatha ine ndi anzanga anayi a kagulu kathu ka alembi kuno ku Mangochi tidatulutsa kabuku ka ndakatulo ndi nkhani zazifupi. Tidakagawa panayi potsata makaka, chigawo chilichonse ndi mtundu wake komanso zomwe mtunduwo umadzutsa mumtima mwa munthu. Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti tidayenda bwanji, ndiye ndati ndingolemba kamodzi.

Choyamba, sankhani makaka anu

Apa musavutike, Chichewa chidakugwirirani kale ntchito. Timati munthu wada nkhawa, wada kukhosi, anthu adana: chigawo chakuda chadzaza kale. Timati woyera mtima, kukhosi kwanga kuli mbee. Wolira maliro ndi wopsa mtima onse maso awo amakhala psuu. Kubiriwira ndi kwa dzinja, chimanga chili biriwiri, mtima uli m'malo. Ife tidatenga zinayi zimenezi basi. Musabwereke za eni ake zoti buluu ndi chisoni. Mukamufunsa msodzi wa ku Makawa kapena ku Chembe, nyanja ikachita bata ili buluu iye akuona usipa, sakuona chisoni ayi.

Pachilengezo musalembe kuti "tikufuna ndakatulo za mitundu". Ife tidatero, ndipo sabata yoyamba tidalandira ndakatulo zotamanda Ayao, Alomwe ndi Angoni. Lembani kuti makaka, muwatchule ndi kuwatchula. Chikasu tidachisiya dala. Kuno kwathu ukangotchula chikasu ena amva za chipani, ndipo buluu naye ali ndi eni ake.

Chachiwiri, itanani zolemba

Ikani malire: ife tidati ndakatulo isapitirire mizere 30, nkhani mawu 1,500. Tsiku lotseka likhale limodzi, osasuntha, ngakhale wochedwayo ndi mlamu wanu. Ena adzatumiza chithunzi cha pepala lolembedwa ndi bolopeni, landirani, mudzataipa nokha. Za m'Chiyao tidalandiranso, ndipo ndakatulo yomwe anthu amaikonda kwambiri m'bukumo idachokera ku Namwera.

Aliyense amene mwamusankha asaine kakalata kovomera kuti ntchito yake ilowe m'buku. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mlembi, ndiye kutola ndakatulo ya munthu pa Facebook n'kuisindikiza osapempha ndi kudziputira mlandu. Zina za umwini mukafunse ku Cosoma, bungwe loteteza umwini wa ntchito za alembi ndi aluso ena. Komanso mzere woyamba wa ndakatulo iliyonse muusake pa intaneti. Ife tidagwira ziwiri zakuba mwa njira imeneyi.

Chachitatu, konzani zilembo

Izi mukuzidziwa. Chachikulu n'kugwirizana kalembedwe kamodzi: ngati mwasankha kulemba ŵ wa kachipewa, mumulembe buku lonse. Pokayika, a Centre for Language Studies ku Zomba ndiwo eni ntchito imeneyi. Mukakhala ku Zomba komweko, pitani ku National Archives mukatenge nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku lanu, ndipo buku likatuluka kumeneko kumafunikanso kusiyako kope.

Chachinayi, kusindikiza

Apa ndiye khalani pansi, chifukwa mpamene ife tidagwa chagada.

Buku la makaka limadalira chikuto. Chathu chidajambulidwa ndi mnyamata waluso ndithu: dzuwa likutuluka psuu kuseri kwa mapiri, nyanja pansi pake, bwato lakuda pakati. Pa foni chinkawala ngati ungachinyambite. Tidapeza munthu wina yemwe adati ali ndi makina ndipo atichitira motchipa kuposa onse amene tidawafunsa. Adatiuza kuti tilipire ndalama zonse nthawi yomweyo kuti agule mapepala mitengo isadakwere. Mawu ake ankamveka, poti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa pepala ndi inki sukhala malo amodzi. Tidatumiza. Chikuto nacho tidamutumizira pa WhatsApp ngati chithunzi wamba.

Patatha masabata asanu katoni idafika pa minibasi. Ndidaitsegulira pa depoti pomwepo, mtima uli dyokodyoko. Abale inu! Dzuwa lathu lofiira lija lidatuluka lofiirira ngati chigumu chopserera. Nyanja idali ngati phulusa lonyowa. Dzina la buku m'mphepete adalidula ndi mpeni, chilembo chomaliza chatsala theka. Mkati, paliponse pomwe padali ŵ padatuluka kabokosi. Buku lonena za makaka, lopanda ngakhale mtundu umodzi woona. Titamuimbira mkulu uja adangoti, "Akulu, ndasindikiza zomwe mudanditumizira." Chowawa n'chakuti mbali ina ankanena zoona. Tidadzamvanso pambuyo pake kuti makina alibe, amangotenga ntchito n'kukapereka kwa ena, iye n'kudyapo pakati.

Ndiye imvani zomwe tidaphunzira ndi ndalama zathu. Foni ndi kompyuta zimapanga mitundu ndi kuwala, njira yotchedwa RGB. Makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, CMYK, ndipo inki singawale ngati galasi la foni. Buluu wowala ndi kubiriwira kowala ndizo zimafa msanga zikafika papepala. Uzani wojambula wanu asinthe chikuto chikhale mu CMYK iye mwini, aone momwe chazimiririka, akonze asadatumize. Chithunzi chikhale cha 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi chikasindikizidwa). WhatsApp imafinya zithunzi, ndiye tumizani ngati document, kapena pa imelo, kapena nyamulani pa fulashi. M'mbali monse mwa chikuto musiye mamilimita atatu opitirira, omwe osindikiza amati bleed, ndipo mawu akhale kutali ndi m'mphepete kuti mpeni ukaphonya pang'ono usadye dzina lanu. Zamkati musapereke mu Word. Sungani ngati PDF, zilembo zake zitamatiriramo, apo ayi kompyuta ya eni ake idzaika zilembo zake ndipo ŵ wanu adzasanduka bokosi ngati wathu.

Koposa zonsezi, funani kope limodzi loyesera musadalipire ndalama yotsala. Mulione ndi maso, muligwire, mutuluke nalo panja padzuwa, osati pansi pa babu. Muwerenge tsamba ndi tsamba, musaine pachikuto kuti "zikhale chonchi", wosindikiza asainenso, kopelo musunge inu. Wokana kukupatsani kope loyesera, kapena wokana kukuonetsani makina ake, tsanzikanani naye mwaulemu. Lipirani theka poyamba, theka polandira katundu. Ulendo wa ku Blantyre kukaona kope limodzi umaoneka ngati kuwononga thiransipoti, koma ife katoni yoyamba ija mpaka lero ili pansi pa bedi langa, mphemvu zikuwerenga.

Pofuna kupulumutsa ndalama, musapake utoto masamba amkati. Tsamba limodzi lamakaka limadya ndalama ya masamba angapo a inki yakuda. Ulendo wachiwiri tidangogula mapepala amitundu, aja amagulitsa m'mashopu a zolembera, n'kuika limodzi poyambira chigawo chilichonse. Chigawo chakuda tidachita kuikira pepala lotuwa, poti papepala lakuda inki sioneka. Saizi ya A5, pepala la 80gsm mkati (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala), chikuto cholimba cha 250gsm kapena 300gsm. Ngati n'lomanga ndi mawaya pakati, masamba akhale ogawika ndi 4, ndipo likanenepa kwambiri silitsekeka bwino, limafuna la guluu. Kuno kotentha, guluu wotchipa amasiya masamba. Pindani kope loyesera lija kangapo muone ngati sakuthothoka.

Chachisanu, kukhazikitsa ndi kugulitsa

Pezani holo ya sukulu kapena ya tchalitchi, Loweruka masana, osati Lachisanu pomwe anzathu ambiri ali ku mzikiti. Alembi alakatule okha. Mlendo wolemekezeka agule kope loyamba mokweza, mwambo wake ndi umenewo. Aliyense wolemba mumupatse kope lake laulere.

Otsalawo siyani m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja mpaka ku Monkey Bay, ena kwa aphunzitsi a Chichewa m'masekondale. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale ya msungichuma, isakhale yanu. Ngongole ayi, ngakhale kwa abusa. Ndipo lembani m'kope amene mwamusiyira mabuku ndi kuchuluka kwake, chifukwa athu khumi ndi awiri sitikudziwa kuti adatsalira kwa yani.