Kagwiridwe ka Mabuleki ndi Kakhotedwe Potsika Phiri pa Njinga

Pa mipikisano yotsika phiri pa njinga, monga mpikisano wa dziko lonse lapansi wa World Cup umene unafika ku Fort William m'dziko la Scotland koyamba mu 2002, okwera amataya nthawi yambiri m'makona, ndipo kawirikawiri vuto limakhala buleki yogwidwa pamalo olakwika. Mphamvu imene tayala limagwirira nthaka ili ndi malire, kotero kuti mukaithera pa buleki siitsalanso yokhotera. Pa chifukwa ichi, chepetsani liwiro njira ikadali yowongoka, ndipo muzilowa m'kona mabuleki mutawasiya.

Buleki ya kutsogolo ndiyo imaimitsa njinga kwambiri, popeza potsika thupi lonse limatsamira pa tayala la kutsogolo. Oyamba kumene amaiopa poganiza kuti iwagwetsa chamutu, ndiye amadalira ya kumbuyo yokha, imene imangokwekwereza tayala ndi kukumba njira koma liwiro osachepa kwenikweni. Ine ndimaona kuti mantha amenewa ndiwo amavulaza anthu ambiri kuposa bulekiyo. Gwirani zonse ziwiri pamodzi, iliyonse ndi chala chamkombaphala chokha, chifukwa mabuleki a disiki (chitsulo chozungulira cha pakati pa tayala) oyendera mafuta safuna mphamvu yambiri, ndipo zala zinazo zikhale zitagwira handulo. Yambani kufinya mofewa kenako muwonjezere mphamvu, uku mutatsitsa zidendene ndi kubweza chiuno m'mbuyo pang'ono, kuti kukankha konse kuthere m'miyendo. Sankhaninso pogwirira: panthaka youma ndi yolimba finyani ndithu, koma pa mizu yonyowa ndi pa miyala yoterera lolani matayala agudubuzike. Musatsike phiri lonse mabuleki ali chigwirire, chifukwa ngakhale disiki ya mamilimita 200 imatentha mpaka buleki kufooka, nayonso mikono imatopa msanga.

Ngati njinga ndi yobwereka, onani kaye mbali imene kuli buleki ya kutsogolo, pakuti ku Britain imakhala kumanja pamene ku America imakhala kumanzere.

Pokhota, maso ayang'ane kumene mukatulukire, osati pansi pa tayala, chifukwa njinga imatsata kumene mutu ndi chiuno zaloza. M'kona yafulati, tsitsani pedulo ya mbali yakunja ndi kuiponda mwamphamvu, kenako pendeketsani njinga kuposa mmene mwapendeketsera thupi, kuti mano a m'mbali mwa tayala alume nthaka. Pindani zigongono ndi kusendeza chifuwa cha ku handulo, popeza tayala la kutsogolo likapepukidwa limatsetsereka mosachenjeza. Kona yokhala ndi khoma la dothi lopendekeka, imene okwera amaitcha berm, ndi yosiyana: mapedulo akhale olingana, thupi ndi njinga zipendekeke pamodzi, ndipo mulowe cha kunja kuti khomalo likunyamuleni. Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg m'dziko la South Africa, amene anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi pa mpikisano wotsika phiri mu 2003, 2012, 2013 ndi 2021, ankadziwika ndi kakwere kosalala kotere, kosunga liwiro potuluka m'kona.

Mukazindikira kuti mwalowa m'kona ndi liwiro lopitirira, khudzani pang'ono buleki ya kumbuyo yokha, chifukwa ya kutsogolo imadzutsa njinga kuti iwongoke kapena imatsetsereketsa tayala. Poyeserera, valani chipewa choteteza mutu ndi nkhope yonse, sankhani kona imodzi pamalo osatsetsereka kwambiri, ikani mwala pambali pa njira monga chizindikiro chosiyira mabuleki, ndipo muziwonjezera liwiro pang'onopang'ono pokhapokha mukamatuluka m'konamo matayala onse asanatsetsereke.