Kuwerengera Hosipawa ya Injini ya Chigayo kapena ya Boti

Musanalipire injini ya dizilo ya chigayo pa Salima boma, kapena ya boti ku Senga Bay, dziwerengereni nokha ngati hosipawa imene wogulitsa akutchula ndi yoona. Pakufunika manambala awiri, omwe mumawapeza m'buku la injiniyo: torque, mphamvu yopotokola shafiti, ndi rpm, maulendo amene shafitiyo imazungulira pa mphindi imodzi.

Torque ikalembedwa mu Nm (newton-metre, muyeso wa torque), ichulukitseni ndi rpm, kenako mugawe ndi 9550. Zotulukazo ndi makilowati. Gawaninso ndi 0.746, mwapeza hosipawa. Tinene kuti injini ikupereka 60 Nm pa 2200 rpm: 60 × 2200 ndi 132,000, kugawa ndi 9550 ndi makilowati 13.8, omwe ndi hosipawa 18.5. Buku likalemba torque mu muyeso wina wa lb-ft, ichulukitseni ndi rpm, gawani ndi 5252 ndipo hosipawa ituluka pompo. Likanena kg-m, yambani mwachulukitsa ndi 9.81 kuti mupeze Nm.

Pamene ambiri amasochera ndi apa. Buku limatchula torque yapamwamba pa liwiro lina, hosipawa yapamwamba pa liwiro linanso. Injini yomweyi ikhoza kufika 65 Nm pa 1600 rpm, apo ndi hosipawa 14.6 basi. Mukatenga 65 ija n'kuichulukitsa ndi 2200, kenako n'kugawa monga poyamba paja, mupeza hosipawa 20, mphamvu imene injiniyo siidzaperekapo. Manambala awiriwo akhale a liwiro limodzi. Apo ayi, mugula chigayo chachikulu choti injini izingofuka utsi wakuda mukathira mphale yambiri.

Kusintha pule sikuwonjezera mphamvu, zimenezo musanamizidwe. Pule ya masentimita 30 pa injini ndi ya 20 pa chigayo ikweza liwiro kufika 3300 rpm, koma torque itsika kufika 40 Nm. Chulukitsani: 132,000 yomwe ija. Lamba akakhwepa n'kumaterereka, mphamvu ina imathera pomwepo, n'chifukwa chake pule imatentha.

Pa boti, yang'anani pulopela. Ikakhala yolemera kwa injini, makamaka boti litadzaza usipa ndi makoka onyowa, injini siifika pa rpm imene buku likunena ngakhale mutsegule mafuta onse, ndiye hosipawa yolembedwa pa chivindikiro simukuipeza. Yezani ndi tachometer, kachipangizo koyezera rpm, muli panyanja ndi katundu wanu wa masiku onse. Rpm ikaperewera, ikani pulopela ya pitch yocheperako; pitch ndi mtunda umene pulopela ingayende kutsogolo ikazungulira kamodzi.