Musanasankhe mzinda ku South Africa, kaugoneni mu Juni

Abale amene mukuganiza zokakhazikika ku South Africa, mwinanso kukapezako wachikondi, musasankhe mzinda potengera zithunzi za pa Facebook. Pasipoti ya Malawi imakulolani kukacheza masiku 30 opanda viza. Masiku amenewo kakhaleni m'dera lomwe mungakwanitsedi kulipira lendi, ndipo mupite mu Juni kapena Julayi.

Ine ndinakopeka ndi Cape Town ndili mu Disembala, dzuwa likuwala. Juni atafika, mvula ndi mphepo zinanditsekera m'chipinda, khoma likuchita nkhungu, zovala osauma. Nyengo yomweyo ku Johannesburg kumazizira koma kouma, pomwe ku Durban kumakhala kofundirako.

Mukafika, kwerani tekisi (minibasi ya kumeneko) m'mawa ngati mukupita ku ntchito, muone nthawi ndi ndalama zomwe zikutha. Mwachitsanzo, Khayelitsha, dera lokhala anthu ambiri ku Cape Town, ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pakati pa Cape Town. Chibwenzi chofuna matekisi awiri kuti muonane chimafooka msanga, madzulo aliyense amakhala atatopa.

Lamulungu kapemphereni kawiri konse pa tchalitchi chimodzi. Mudzaona ngati anthu akukupatsani moni, komanso chinenero chomwe akucheza potuluka: ku Durban ndi Chizulu, ku Cape Town Chikhosa ndi Chiafrikaans.

Muganizirenso njira ya kumudzi. Mabasi a ku Blantyre ndi Lilongwe amanyamukira ku Johannesburg, ndipo Cape Town ikuonjezerani makilomita pafupifupi 1,400. Tsiku lokaonetsa munthu wanu kwa amalume, kapena la maliro, mtunda umenewo mudzaumva m'thumba.